Kompyuta Ikuti Musinthe Windows: Mumvere Kapena Mudikire?

  Lero kuno ku Mulanje Mission feteleza timupumitse kaye, mitengo ya nanazi nayo idikire. Ndabwera ndi nkhani ya kompyuta, ndipo musathamangire kuzimitsa wailesi poti mulibe kompyuta kunyumba. Dzina lanu lili m'kompyuta ina yake: ya kuchipatala, ya kusukulu kwa mwana wanu, ya kubanki, kapena ya mnyamata uja wa pa siteshonare amene anakulemberani kalata yofunsira ntchito.

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, anandigwira dzanja n'kundikokera pambali. Anati, "Mwana wanga, inu zamakinazi mumazidziwa. Laputopu yanga yayamba mwano. Ndikangoyatsa ikundiuza kuti Windows 10 yatha, ndisamukire ku Windows 11. Ndikati chabwino ndisamuke, ikutembenukanso n'kunena kuti makina anga ngosayenera. Nanga ndilowere kuti? Ndiitaye?"

Laputopuyo anawatumizira mwana wawo wa ku Johannesburg. Amalembapo makalata, maminitsi a komiti ya kumudzi, komanso m'menemo ndi momwe muli zithunzi zonse za zidzukulu zawo. Chiperoni chinali chitayamba kuwaza, ndiye ndinangoti, "Bambo, musaitaye, ndibwera kunyumba." Koma funsolo ndayenda nalo sabata yonse, ndipo ndazindikira kuti si lawo okha.

Tiyambe ndi chinthucho. Windows n'chiyani? Amene munagwirapo ntchito pa esiteti mukumudziwa kapitawo. Iye sathyola tiyi, koma ndi amene amati iwe mzere uwu, iwe mzere uwo, dengu likayezedwe uko, thirakitala inyamuke nthawi yakuti. M'kompyuta kapitawo wake ndi Windows. Mukadina kuti kalata isindikizidwe, ndiye amauza pulinta. Mukalowetsa fulashi, ndiye amailandira. Word, Excel, Chrome ndi mapulogalamu ena onse ndi antchito chabe, amamvera iyeyo. Kampani ya Microsoft ya ku America, imene imapanga Windows, inatulutsa Windows 10 pa 29 Julayi 2015, ndipo pa 14 Okutobala 2025 inasiya kuisamalira.

Mawu akuti "kusiya kuisamalira" ndi amene asokoneza anthu. Ena anamva ngati tsikulo likakwana kompyuta ingothima yokha ngati nyale yatha mafuta. Ayi. Tsikulo linafika n'kudutsa, makompyuta akuyakabe. Chimene chinatha n'china. Windows ili ngati mpanda waukulu kwambiri, ndipo kunja kwake kuli anthu amene ntchito yawo usiku ndi usana ndi kufufuza pamene pali chiboo. Akachipeza amalowa. Kwa zaka khumi, Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, Microsoft inkatumiza zigamba zotseka ziboo zimene zapezeka, zija timati ma apudeti. Tsopano wotseka uja wanyamula zida zake wapita. Ofufuza ziboo aja sanapite.

Izi sizachilendo. Windows XP, ija ya chithunzi cha phiri lobiriwira, inatuluka mu 2001 ndipo inasiyidwa pa 8 Epulo 2014. Windows 7 inatuluka mu 2009 n'kusiyidwa pa 14 Januwale 2020. Koma lowani m'mashopu osindikiza makalata m'matauni athu ang'onoang'onowa, Windows 7 mukaipeza ikugwirabe ntchito ngati palibe chachitika. Ndiye wina anganene kuti, onani, akungotiopseza kuti tigule zatsopano. Pali choona pang'ono pamenepo, ndibwerapo. Koma imfa ya Windows yakale imabwera mwakachetechete, ngati chiswe. Kumayambiriro kwa 2023 Google inasiya kutulutsa Chrome yatsopano ya Windows 7. Poyamba simuona kusintha. Pakapita nthawi tsamba lina likukana kutseguka, fomu yofunsira malo kukoleji ikungozungulira, pulinta yatsopano imene mwagula ikukana kugwirizana ndi kompyuta. Mumadzazindikira tsiku lomaliza lotumizira fomu, mwana ali chiimire pambali panu.

Pokhala kuti tili pa mishoni pamene pali chipatala ndi koleji ya anamwino ndi azamba, lolani ndikukumbutseni zimene zinachitika ku Britain pa 12 Meyi 2017. Vayirasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 m'masiku ochepa. Ikalowa m'kompyuta inkatseka mafayilo onse n'kulemba pa sikirini kuti mwini alipire dipo la madola 300. Ku England inagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mabungwe oyendetsa zipatala za boma. Odwala pafupifupi 19,000 amene anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala kapena la opaleshoni anabwezedwa, ndipo ma ambulansi ena ankawalozera ku zipatala zina. Dziko lolemera limenelo, madokotala anabwerera ku pepala ndi cholembera.

Koma mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pali nkhani yathu. Makompyuta ambiri amene anagwidwa anali a Windows 7, imene pa nthawiyo inali isanasiyidwe. Chigamba chotseka chiboo chimenecho Microsoft inali itachitulutsa kale mu Malichi, miyezi iwiri m'mbuyo. Anthu sanachiike basi. Nanga ife kuno timatani? Ndinene zoona, ambiri mwa ife chinthu choyamba chimene timapempha mmisiri akamatikonzera kompyuta n'chakuti, "Achimwene, mundizimitsire ma apudeti, akundithera bandulo." Sindikuwaseka, bandulo ya TNM kapena Airtel ndi ndalama, ndipo munthu amene wagula data yoti atumizire kalata imodzi zimamuwawa kuona yonse yamwedwa ndi Windows mphindi khumi. Koma tizindikire kuti kompyuta yozimitsidwa ma apudeti, ngakhale ikhale ya Windows 11 yonyezimira, ndi chimodzimodzi ndi yakale ija. Ena mwa amene akuda nkhawa lero kuti Microsoft yasiya kutumiza zigamba, makompyuta awo sanalandirepo chigamba chiyambire 2019.

Ndipo tisamati zimenezi n'za azungu okha. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kuno kwathu, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zinalowa m'makina a mapasipoti n'kumafuna dipo. Nkhani imeneyo ili ndi zifukwa zakezake. Ndaitchula kuti muone kuti mbava zimenezi njira ya ku Malawi zikuidziwa.

Tsopano tibwerere kwa aphunzitsi aja. Bwanji laputopu yawo ikukanidwa? Windows 11 inatuluka pa 5 Okutobala 2021, ndipo kwa amene ali ndi Windows 10 yovomerezeka, kusamukako n'kwaulere. Vuto ndi zimene imafuna. Memory ya magigabaiti 4 ndi malo osungira a magigabaiti 64, zimenezo makina ambiri ali nazo. Koma imafunanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopanoko: ngati ndi ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kutanthauza makina a cha m'ma 2018 kubwera kuno. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa makompyuta athu ambiri ndi a kaunjika. Ma HP, ma Dell, ma Lenovo amene anagwira kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya kapena ku South Africa, n'kudzafika ku Limbe kapena ku Blantyre atapukutidwa bwino. Ndi makina olimba ndithu, ena kuposa atsopano otchipa. Koma ambiri ndi a m'badwo wa 4, wa 5, wa 6.

Tengani cholembera, ichi chikupulumutsirani ndalama. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi Core i5, bwana," musakhutire. Core i5 ndi dzina la banja, inu funsani zaka zake. Muuzeni atsegule pa Settings, pa System, pa About, muwerenge nambala yotsatira. Ikakhala i5-6300, nambala yoyamba ija 6 ndiye m'badwo wake, Windows 11 siilandira. Ikakhala i5-8250, ndi m'badwo wa 8, yadutsa. Ikakhala ya manambala asanu monga i5-10210, ndiye wa 10. Palinso kapulogalamu kaulere ka Microsoft kotchedwa PC Health Check kamene kamakuuzani kompyuta yanu ikulephera pati. Nthawi zina TPM ija imakhalamo koma yozimitsidwa, mmisiri wodziwa amangoiyatsa nkhani n'kutha.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ndikuona chimene chikubwera. Kumapeto kwa 2023 kampani yofufuza za msika ya Canalys inayerekeza kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni padziko lonse akhoza kutayidwa chifukwa cha kutha kwa Windows 10. Inu mukuganiza onsewo akupita kudzala? Ambiri akwera sitima zapamadzi. Adzafika kuno otchipa, owala, ndipo mukadzawayatsa mudzaona Windows 11 ili m'menemo. Pali njira yoikakamizira pa makina osayenera, anyamata athu a m'tauni amaidziwa bwino. Imagwira ntchito, sindikana. Koma Microsoft yomweyo imanena poyera kuti makina otero sikuwalonjeza zigamba. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mukugula mukudziwa, pa mtengo woyenerana ndi msinkhu wake, palibe mlandu. Choipa ndi kulipira mtengo wa mwana wa nkhuku pogula nkhuku yosiya kuikira.

Chimodzimodzinso ndi mphatso. Mishoni ino ndi sukulu zathu zakhala pa ubale ndi abale a ku Scotland kuyambira kale, ndipo makompyuta ambiri m'sukulu za m'Malawi anabwera kudzera mwa abwenzi otero. Bungwe la Turing Trust la ku Scotland komweko, mwachitsanzo, lakhala likukonza makompyuta akale n'kumawatumiza m'sukulu za kuno. Ndi ntchito yabwino. Koma a komiti ya sukulu, wina akakulonjezani makompyuta makumi awiri, si mwano kufunsa mwaulemu kuti ndi a chaka chanji, muli Windows yanji, ndipo adzatithandiza ndani ikadzatha. Safunsa anadya phula.

Wina ali apo akuti, bwanji osangogula yatsopano? Ameneyo sakhala kuno. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo kompyuta iliyonse imalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja. Chaka chomwecho mu Malichi namondwe Freddy anatisiya ena opanda nyumba, ena opanda minda, ndipo alipo mpaka lero amene sanadzukebe. Kuuza mphunzitsi wopuma kuti ataye laputopu imene ikuyaka bwinobwino chifukwa kampani ina ku America yasintha maganizo, kumeneko ndi kusalemekeza thukuta la munthu. Apa ndiye ndikugwirizana nawo odandaula aja. Makina ambiri amene akanidwa akanatha kugwira ntchito zaka zina zisanu.

Ndiye titani? Ine ndimati musayambe ndi kufunsa kuti Windows yabwino ndi iti. Yambani ndi kufunsa kuti kompyuta imeneyi imagwira ntchito yanji, muli za ndani, ndipo imalumikizana ndi chiyani.

Ngati muli zinsinsi za anthu ena kapena ndalama za anthu ena, ndipo imalowa pa intaneti, nkhani yake ilibe kukambirana. Ndikunena kompyuta ya kalaliki wa zachuma, ya msungichuma wa sukulu, ya ku SACCO, ya ofesi imene imasunga mayina a odwala. Matenda a munthu ndi chinsinsi chimene anachipereka m'manja mwanu mokukhulupirirani. Imeneyo isamuke. Ikakhala yoyenera Windows 11, isamuke mwezi uno. Ikakhala yosayenera, ilowe mu bajeti, ndipo podikira pali mlatho: Microsoft ikugulitsa zigamba zowonjezera. Inalengeza kuti munthu wamba angazipeze mpaka pa 13 Okutobala 2026 polipira madola 30, kapena mwaulere akalola kulumikiza kompyuta yake ku akaunti ya Microsoft n'kusungitsa makonzedwe ake kumeneko. Makampani amalipira madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, mtengo n'kumawirikiza kawiri chaka chilichonse kwa zaka zitatu. Masukulu anawaikira dola imodzi pa kompyuta chaka choyamba. Koma mlatho si pomanga nyumba. Mukumbukirenso kuti Office 2016 ndi Office 2019 nazo zinasiyidwa tsiku lomwe lija la 14 Okutobala 2025, zimene ambiri sanazimve.

Pali mtundu wina wa kompyuta umene ndikupemphani kuti musaukhudze mwaphuma. Ndi ija yomangirizidwa ku makina ena: choyezera magazi mu labotale, makina ojambulira, sikelo ya kufakitale, ngakhale pulinta yaikulu yakale imene shopu yonse imadalira. Pulogalamu yoyendetsa makina otero kawirikawiri inalembedwera Windows inayake basi. Mnyamata wachangu akabwera n'kuikamo yatsopano, kompyuta iwala bwino koma makina aja angokhala duu, ndipo amene anawagulitsa ali kutsidya kwa nyanja. Yoteroyo ichotseni pa intaneti, letsani aliyense kulowetsamo fulashi yake, ndipo funsani kaye amene anakugulitsani makinawo. Chatsopano sichikhala chabwino nthawi zonse pa tsiku loyamba. Pa 19 Julayi 2024 apudeti imodzi yolakwika ya kampani yachitetezo ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni, ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Kunalibe mbava tsiku limenelo.

Nanga kompyuta ya pa siteshonare imene imangolemba ndi kusindikiza, yosalowa pa intaneti? Ikhoza kukhala ndi Windows 10 zaka zingapo. Koma mdani wake salowera pa intaneti, amalowera pa khomo, m'thumba la kasitomala. Ndani mwa inu sanaonepo fulashi itabwera kuchokera kosindikiza mafayilo onse atasanduka ma shortcut? Ine zinandichitikira pa shopu ina, ndi ntchito ya miyezi itatu. Kuyambira pamenepo ndili ndi fulashi yapadera yopita nayo kosindikiza, imakhala ndi kalata imodzi yokhayo.

Yatsala njira imene anthu ambiri kuno sanaimvepo, ndipo ine ndimaikonda ngakhale ili ndi minga yake. Windows si kapitawo yekha padziko. Pali wina dzina lake Linux, anamuyamba mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, mu 1991, ndipo ndi waulere, aliyense amaloledwa kumukopera. Mtundu wake wotchuka unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo anautcha Ubuntu, mawu omwe aja ife timati umunthu. Mtundu wake wokhalitsa umatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kulandira zigamba zaulere zaka zisanu. Sufunsa za TPM kapena m'badwo wa 8. Pali mng'ono wake wotchedwa Linux Mint amene maonekedwe ake amafanana ndi Windows 7 moti munthu sasochera. Ndipo si chinthu chachilendo m'Malawi muno: makina aja ogwira ndi chala pa sikirini amene bungwe la Baobab Health linaika m'zipatala anamangidwa pa Linux ndi mapulogalamu ena aulere.

Minga yake ndi iyi. M'malo mwa Word ndi Excel mumapeza LibreOffice, imene imatsegula mafayilo omwewo koma nthawi zina matebulo amasuntha, kalata n'kuoneka mwina kwa amene mwamutumizira. Mapulinta ena amavuta. Mapulogalamu ena a zowerengera ndalama sagwira. Ndipo chachikulu, ikavuta, mmisiri wa pa Chitakale mwina adzangoyang'ana n'kunena kuti, "Tingofomata tiikemo Windows." Mwana amene akuphunzira kompyuta kuti akalembedwe ntchito mu ofesi ayenera kudziwa Word ndi Excel zenizeni, poti n'zimene akakumane nazo. Koma kwa munthu amene amangolemba makalata, kuwerenga nkhani ndi kuonera zithunzi, Linux ndi yabwino kutalitali poyerekeza ndi Windows yothyola ija imene amakuikirani pa mtengo wa botolo la Fanta, pamodzi ndi tizilombo tosadziwika timene timabwera ndi kapulogalamu kothyolera laisensi.

Amene mwaganiza zosamuka, tsiku lake musalisankhe mwachisawawa. Koperani kaye zonse zofunika, malo awiri osiyana, ndipo tsegulani mafayilo angapo muone kuti akopekadi. Windows 11 yonse ndi yoposa magigabaiti 5, ndiye mukakhala ambiri, mmodzi akopere pa fulashi mugawane, osati aliyense kuotcha bandulo yake. Kompyuta ya patebulo musaiyambe madzulo a mvula yamabingu, kapena tsiku limene magetsi a ESCOM akuphethiraphethira. Akathima ntchito ili pakati mukhoza kutsala ndi kompyuta yosayaka n'komwe. Pezani pali sola kapena batire. Osasamuka sabata ya malipiro, osasamuka sabata ya mayeso. Ndipo mukasamuka n'kupeza kuti zinthu sizikuyenda, muli ndi masiku khumi oti mubwerere ku Windows 10 mosavuta. Akadutsa masiku amenewo khomo limatsekeka.

China chaching'ono. Ngati dandaulo lanu ndi lakuti kompyuta ikuchedwa, Windows yatsopano si mankhwala ake. Nthawi zambiri wolakwa ndi hadi disiki yakale yozungulira ija. Kuikamo SSD ndi kuwonjezera memory kumadzutsa makina amene munkati afa, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula ena.

Kwa aphunzitsi aja ndinapitako Lachinayi. Mayi anandilandira ndi tiyi wa mkaka ndi mbatata. Tinatsegula pa About paja, tinapeza m'badwo wa 6. Ndinawauza kuti Windows 11 aiwale, anaseka n'kunena kuti nawonso boma linawapumitsa akadali ndi mphamvu. Tinakopera zithunzi za zidzukulu pa mafulashi awiri, imodzi mayi anakaitsekera m'sutikesi momwe mumakhala ziphaso. Tinayatsanso ma apudeti, amene wina anawazimitsa kalekale, ndipo tinawalembetsa pa zigamba zowonjezera zija. Loweruka ndikupitanso ndi Linux Mint pa fulashi, chifukwa imatheka kuiyesa osafufuta chilichonse. Iwo anena kale kuti mayeso ake ndi amodzi: ikakana pulinta yawo, ndibwerere nayo.